Sindikwera Galimoto ya Loweruka

Lolemba, 6 Okutobala 2025

A mafizo kuchipatala ati ndizilemba tsiku lililonse kuti dzanja lamanjali likumbukire ntchito. Ndawafunsa kuti ndizilemba chiyani, ati chilichonse amayi, ngakhale ndiwo zimene mwadya. Chabwino. Ndine Kate, anthu akwathu amati NyaChirambo, zaka 63, telala wa mayunifolomu kuno ku Area 23. Sitiroko inandigwetsa mu Julaye ndikuyanika zovala. Inalephera kundipha. Lero ndadya usipa ndi mpiru.

Zilembo ngati papalasa nkhuku, koma zikuwerengeka.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Thumbiko, mwana wanga mmodzi yemweyo, wabwera masana ndi alamu anga a Laws, ang'ono awo a malemu bambo ake. Kani a Laws anafika Lamulungu kuchokera ku Rumphi, akugona kwa Thumbiko ku Area 25, ine osauzidwa. Nditangoona jekete ndi nsapato zopolisha pakati pa sabata ndinadziwa kuti pali nkhani.

Tiyi amwa, pemphero apemphera, kenako a Laws: "Mulamu, banja lakhala pansi. Munthu akayamba kugwa chonchi amafunika akhale pafupi ndi kwawo. Tiyeni kukaya mukuionabe njira ndi maso anu."

Mukuionabe njira! Ndamva bwinobwino, sindine mwana. Akutanthauza kuti kundinyamula nditakhala pampando n'kosavuta kusiyana ndi kundinyamula nditagona m'bokosi, makamaka mmene mafuta akuvutiramu. Galimoto apeza kale, pikapu ya mnzake wa Thumbiko, Loweruka pa 18. M'nyumba muno aikamo anthu a lendi.

Kukayako si kwathu ine, ndi kwawo kwa amuna anga a Zebedee, kupitirira Bolero, kumene galimoto imafika ikafuna. Mafizo ndikachitira kuti, pachulu? Mankhwala a bipi akatha ndizikayenda tsiku lonse ndi mwendo uwu? Njerwa za nyumba ino tinaumba ndi manja athu. Mu Lilongwe muno ndinafika ndili mtsikana.

Nanga ine ndayankha chiyani? Ndati, "Yewo, ndamva." Asa! Pamaso pa alamu pakamwa pamangotseka pokha, ndi mmene anatilerera. Thumbiko nthawi yonseyi maso ali pa foni. Ndadzikwiyira mpaka chakudya chandikanika.

Lachitatu, 8 Okutobala

Ndalowetsa ulusi pasingano ndekha. Wavuta koma walowa.

Lachinayi, 9 Okutobala

Kwabwera mtsikana wa kafukufuku, dzina lake Fiona, kachitupa pakhosi, chikwama kumsana, thukuta lili kamukamu. Ati akuchokera ku yunivesite, akucheza ndi anthu achikulire pa za umoyo. Ndinafuna kumubweza, koma anapereka moni mwaulemu, ndiye ndamupatsa mpando ndi madzi.

Mafunso ake osatha. Ana angati, ndowa mumatha kunyamula, mumamwa mankhwala anji. Kenako watulutsa kambale ndi njere khumi za mtedza. Ati ndikafunsa chinthu, muike mtedza m'mbalemu molingana ndi mmene mukuonera kuti chichitika. Osaika kalikonse ndiye kuti sizingatheke, zonse khumi ndiye kuti zichitika basi. Tayamba ndi zophweka. Mvula igwa mawa? Ndaika imodzi. Magetsi azima sabata ino? Ndakhuthula zonse, ndikadakhala ndi mtedza wanga ndikadaonjezera. Taseka.

Ndiye watsitsa mawu. "Amayi, ili ndi lolemera, mukhoza kukana kuyankha. N'zotheka bwanji kuti pofika zaka zisanu kuchokera lero mudzakhala mutamwalira?"

Ha! Mwana wa munthu kundifunsa zimenezo pakhonde panga, dzuwa likuswa mtengo. Kwathu kumeneko n'kulaula. Koma m'malo momukalipira ndangoona dzanja langa likutola. Poyang'ana m'mbale, zisanu ndi zitatu. Dzanja lomwe lino.

Iye wangodina pa kakompyuta kake, nkhope osasintha, akuti saloledwa kunenapo kanthu. Titamaliza ndamugwira mkono. Ndati mwana wanga, zimenezi mumakapanga nazo chiyani? Ati amabwereranso kwa anthu omwewo pakapita zaka, n'kuona amene alipo ndi amene anatisiya, n'kufananiza ndi zimene ankaganiza. Ndati ndiye anthu amalosera bwino? Waganiza kaye. Ati munthu thupi lake amalimva ndithu, amene akudwala kwambiri amaika zambiri ndipo nthawi zina salakwitsa. Koma ambiri a msinkhu wanga amaika mtedza wochuluka kuposa mmene imfa ikubwerera masiku ano, mwina chifukwa cha maliro amene tinaona kale aja. Akuti amapeza anthu amene anadziika okha m'manda akulima, ena atakwatiranso.

Pomaliza wafunsa kumene adzandipeze akadzabweranso. Ndati kaya, mwina ku Rumphi. Walemba zomwezo, wandisiyira nambala yake.

Lachisanu, 10 Okutobala

A Elube, aneba anga a kuseri kwa mpanda, a ku Ntcheu aja, nawonso anafikiridwa dzulo. Abwera ndi tomato wawo kudzasankhira pakhonde panga, kuseka kuyambira pageti.

"Ine ndinaika ziro. Kamtsikanako kanati simuika ngakhale imodzi? Ndinati imodziyo ndiika mkamwa." Ndipo anadyadi, Fiona anachita kutenga ina m'chikwama.

A Elube amamwa ma ARV kuyambira kalekale, sabisa. Chaka chimene anadwala kwambiri, abale awo anabwera kuchokera kumudzi n'kuyamba kugawana mapoto ndi mabulangete iwo ali chigonere pamphasa, akumva chilichonse. "Amene anatenga poto wamkulu uja ndinakaphika pamaliro ake, mu poto yemweyo," atero uku akupukuta tomato ndi chitenje.

Andifunsa kuti ine ndinaika zingati. Ndanena. Kuseka kwathera pomwepo.

"Eyiti? A NyaChirambo, inu amene mumandilalatira pampanda mamawa uliwonse za nkhuku zanga? Eyiti imeneyo ndi yanu kapena ya alamu anu?"

Koma zoona, akadandifunsa mu Ogasiti nditangotuluka m'chipatala, pakamwa pali popotoka, ndikadaika zitatu mwina zinayi. Panopa ndikuyenda, ndikuphika, ndiye ndaika zisanu ndi zitatu. Chasintha n'chiyani? Lachiwiri lija basi. Anthu awiri anakhala pakhonde panga n'kundiyang'ana ngati katundu, ine n'kuvomera.

Komanso Fiona sananame za maliro. Zaka zimene a Zebedee anamwalira zija, makina anga ankasoka nsalu zoyera za m'mabokosi kuposa mayunifolomu. Loweruka lililonse lole ya maliro kulowera kumpoto, ife pamwamba tikuimba. Mitu yathu inatsalira komweko, tonsefe, ndi a Laws omwe.

Lamulungu, 12 Okutobala

Ndakwera kabaza mpaka kutchalitchi, ndodo pamiyendo. Ndikadadziwa ndikadakhala pakhomo.

Nkhani yafika kale, kaya wanena ndani. Amayi a Umanyano, gulu lathu la amayi mumpingo, akundigwira dzanja ndi manja awiri, mitu atapendeketsa. Wina akuti tidzakusowani. Wina akufunsa mwakachetechete ngati makina osokera ndikupita nawo. Pa mapemphero ndamva, "Ambuye, kumbukirani wantchito wanu amene akubwerera kwawo kukapuma." Kukapuma! Kunangotsala nkhata za maluwa.

Sindinanene ameni. Chiuta andikhululukire, koma ameneyo ayi.

Potuluka ndawauza amayi a makina aja kuti makina ali ndi mwini wake, ndipo mwini wake ali ndi oda ya madiresi a sukulu ya mkaka yofunika mu Januwale. Odayo palibe, koma ndikaipeza.

Lolemba, 13 Okutobala

Mafizo. Ndakwera masitepe awo a matabwa aja osagwira. Bipi ili bwinoko. Ndawafunsa adokotala mosapsatira kuti ndili panjira kapena ayi. Aseka, kenako asiya kuseka. Ati sitiroko ikhoza kubweranso, asandinamize, koma wodumphitsa mankhwala ndi mafizo ndi amene amaiitana msanga. Ati musasowe kuno.

Sindikunena kuti ndine mtsikana. Mwendo umakoka, madzulo dzanja limalemera. Ndikudziwa kuti ndidzafa, ndani satero. Koma sindikakhala pansi pa mtengo kudikira ngati wodikira minibasi.

Lachitatu, 15 Okutobala

Tsiku la Anakubala. Anzanga akulandira zitenje, ena makeke. Ine mwana wanga wandibweretsera sutikesi. Yatsopano, ya mateyala, pulasitiki isanachotsedwe.

Ndati Thumbiko, imeneyi ndiye mphatso? Ati, "Amama, yakale ija zipi inafa." Ndati ndiye wandigulira yoti ndichokere bwino. Ndamuuza kuti sindinalongedze ndipo sindikuona chifukwa cholongedzera. Aka n'koyamba kunena mokweza.

Wakhala pampando, wagwira mutu. Ati ndisamuvutitse, iye ali pakati. Ati akuntchito samulola kumangothamangira kuno, nditagwanso ndili ndekha anthu adzati anataya mayi ake. Ndati a Elube ali kuseri kwa mpanda, ndipo ndi amene ananditola ulendo woyamba uja iwe uli ku Kanengo. Ndiye watulutsa yeniyeni: "Malo anu ali kukaya, pafupi ndi adada. A Laws akhala akuwasunga zaka zonsezi. Mudzapitabe basi, ndiye vuto n'chiyani kupita panopa?"

Vuto n'chiyani! Ndamuyang'ana mwana ameneyu, ndevu zayamba imvi koma nzeru ayi. Ndati vuto ndi loti ndili moyo. Wanyamuka, wati abwera Lachisanu kudzamasula bedi. Sutikesi waisiya pakati pa balaza. Ndaikankhira kuseri kwa chitseko ndi ndodo.

Ndimamukonda mpaka mtima kuwawa, ndipo lero ndikadatha kumumenya khofi.

Lachinayi, 16 Okutobala

Ndamuimbira Fiona. Ndati mwana wanga, kafufute eyiti ija ulembe zitatu. Waseka, ati zinatumizidwa kale, sangasinthe, yankho la tsiku limenelo ndi la tsiku limenelo. Ndati ndiye makompyuta anu asunga bodza. Ati si bodza amayi, ndi mmene munkamvera, ndipo ifenso timafuna kudziwa zomwezo. Koma za kumene adzandipeze akhoza kukonza. Ndati lemba Area 23, geti lobiriwira, ukadzasochera udzafunse telala wolongolola. Walemba.

Kuimba foni n'kophweka. Galimoto ikubwerabe.

Tsiku lonse ndakhala pamakina, osasoka, kumangoganiza mawu a Thumbiko aja. Mudzapitabe basi. Chingwe chili pamenepo. Malinga ngati manda anga ali kukaya, ulendo ulipo, ndipo oyendetsa ulendowo ndi iwo, ndiye ali ndi mphamvu yosankha tsiku. Ndikakana Loweruka lino adzabweranso pa Khirisimasi, ndikadzangotsokomola adzabweranso.

Malo aja ndimawadziwa. Kumanzere kwa a Zebedee, pafupi ndi mtengo wa msuku. Tsiku lovumbulutsa chiliza ndinaimapo, ndinawauza chamumtima kuti sungani malo ndikubwera. Munthu wakumpoto kuikidwa m'tauni ngati wopanda kwawo, amayi anga akadamva akadalira. Ineyo ndakwera malole angati kuperekeza anzanga kuti zimenezo zisawachitikire?

Koma a Zebedee anali munthu woti minibasi ikachedwa kudzaza ankatsika n'kuyamba wapansi. Kudikira ankadana nako. Sindikhulupirira kuti angafune ndikakhale pakhonde pa abale awo kuyang'ana kumanda mpaka tsiku lidzakwane.

Lachisanu, 17 Okutobala

Mamawa ndapita ndi a Elube kwa amfumu a dera lathu lino. Tawapeza pa kashopu kawo akutchajitsa mafoni a anthu, atavala jezi ya mpira. Ndati ndabwera kudzafunsa malo kumanda. Adzidzimuka mpaka tchaja kugwa. Ati mayi, wamoyo sasungitsa malo, mukufuna kutilaulira mudzi? Ndafotokoza. Ndiye akhala pansi, ati za malo musade nkhawa, inu maliro a kuno simujomba, adzukulu onse adyapo chakudya chophika inu, palibe angakukanizeni. Chofunika n'chakuti munene nokha pamaso pa abale anu ndi mboni, muli bwinobwino, kuti mawa pasadzakhale kukokanakokana.

Kuchoka apo tapita kwa mkulu wa mpingo wa dera lathu. Iwo ndi akwathu kumpoto, ndiye nkhope yagwa. Andifunsa kawiri ngati ndaganiza bwino. Ndati ndaganiza mpaka mutu ukupweteka. Avomera kubwera mawa.

Pobwera ndapeza Thumbiko wadutsa kale, ali ndi kiyi wake. Bedi wamasula, matabwa wawamanga ndi chingwe, matiresi waimika kukhoma. Bedi limene anabadwirapo iye. Makina wawakutira ndi thumba. Ndachotsa thumbalo, a Elube andithandiza kugwetsa matiresi pansi.

Mantha ndili nawo, ndisaname. Chiyambire sindinawatsutsepo a Laws.

Loweruka, 18 Okutobala

Ndavala yunifolomu ya Umanyano, bulauzi yoyera ndi duku. A Elube afika kusanatenthe, kenako mkulu wa mpingo ndi amayi awiri a gulu lathu. Pikapu italira pageti atsika a Laws ndi Thumbiko, a Laws akumwetulira, amayesa anthuwa abwera kudzatsanzikana. Ayamba n'kuthokoza mpingo.

Ine kugwada mwendo sulola, ndiye ndakhala pampando, maso ndi maso. Ndati alamu, pepani, Lachiwiri lija ndinayankha ndi mantha. Galimotoyi sindikwera. Ndipo tsiku langa likadzafika, kaya ndi liti, musadzavutike ndi mafuta. Mudzandiike konkuno. Ndanena pamaso pa anthuwa kuti pasadzakhale wonena kuti sanamve.



A Laws avula chipewa, achiyang'ana mkati. "Mulamu, mukudziwa chimene mukunena? Ndiye akulu anga agone okha?" Mawu amenewo andilasa, sindibisa. Ndati sali okha, ali ndi amayi awo ndi abambo awo. Ati malo aja anthu akhala akuwapempha iwo akukaniza, ndikatero apereka, ndipo akapereka palibenso kubweza. Ayang'ana mkulu wa mpingo kuti awathandize. Mkulu wangoti, "Mayiwa anena ali bwinobwino, ife tamva."

Ndati perekani.

Liwu limodzi lomwelo, koma linatuluka ngati ndikuzula dzino.

Ndiye Thumbiko waphulika. Sindinamuonepo chonchija. "Mukuona ngati ndikukuthamangitsani? Paja pa maliro a adada inu munali kutsogolo ndi amayi ena. Ine ndinali kumbuyo kwa lole, bokosi lili pamapazi anga. Itafa lole ku Chikangawa tinakhala mpaka mawa lake, fungo litayamba, anthu akutseka mphuno ndi zitenje, ine ndikuona. Ndili Sitandade 7! Ndinalumbira kuti inu sindidzakunyamulani chonchija. Chigwereni inu mu Julaye, foni ikangolira ndimaona lole."

Kani zaka zonsezi. Mwana wanga sanandiuzepo, ndipo ine ndinkangoti ndi mwano.

Ndati bwera kuno. Wabwera, chimunthu chachikulu, wagwada pafupi ndi mpando. Ndati lole imeneyo kulibenso, wamva? Ndaichotsa ine lero. Kumanda a kuno ndi poyenda wapansi, ndipo usapupulume, sindinakonzeke. Waseka uku mamina akutuluka.

A Laws akana tiyi. Ati galimoto yabwera kale, iwo akwera, akafotokoza kukaya. Sanandigwire dzanja. Pageti atembenuka ngati anena kanthu, koma angovala chipewa. Pikapu yapita ndi munthu mmodzi ndi kachikwama kake.

Anthu atabalalika ndalowa kubafa, ndatseka, ndalira. A Zebedee, pepani. Pafupi ndi msuku paja padzagona wina, ine sindibwera. Zikundiwawa kuposa mmene ndinkaganizira, koma sindikubweza.

Thumbiko sanapite. Wakabwereka sipanala kwa a Elube, ali kuchipinda akumanganso bedi, akulalatira bawuti imene anaitaya yekha dzulo. Akundiitana kuti ndikagwire mbali inayo.